Makadi, Mayere ndi Sopo: Mbiri ya Kafukufuku Woyesera pa Zachuma

Mpaka m'chaka cha 1985, buku la zachuma la Paul Samuelson ndi William Nordhaus, limene ophunzira miyandamiyanda analeredwa nalo, linkaphunzitsabe kuti katswiri wa zachuma sangayese zinthu mmene amachitira wasayansi mu labu. Yake ndi kupenyerera zochitika pamsika, kulemba manambala, n'kuyesetsa kufotokoza. Lero palibe angalembe zotero, ndipo umboni wake tili nawo pakhomo pomwe. Ku Balaka, ku Mchinji ndi ku Zomba kuli midzi imene ngakhale mwana amadziwa kuti galimoto ikaima pabwalo la amfumu n'kutsikamo anyamata ndi atsikana onyamula zikwama, ndiye kuti afika a kafukufuku. Ine ndinali m'gulu la otsika m'magalimoto oterowo nditangomaliza maphunziro anga a zachuma. Patapita zaka ndinayamba kulondola kumene mwambo umenewu unachokera, ndipo ndinapeza kuti malo ambiri amene unakhotera njira ina, wokhotetsayo anali wophunzira, kapena munthu wongochoka kumene pabenchi, amene sanakhutire ndi zonena za aphunzitsi ake.

Nkhaniyi imayambira ku Harvard, ku America, m'zaka za m'ma 1940. Pulofesa Edward Chamberlin anali ndi chizolowezi chake poyamba kalasi yatsopano. Ankagawira ophunzira makadi. Khadi la ena linkati ndiwe wogula, usapitirire mtengo wakutiwakuti. La ena linkati ndiwe wogulitsa, usatsike kupyola pakutipakuti. Katundu weniweni panalibe, ndalama panalibenso. Kenako ankawauza kuti adzuke, ayendeyende m'chipindamo, aliyense apeze wonenerera naye. Awiri akamvana, ankabweza makadi awo n'kutchula mtengo umene agwirizana. Popeza makadiwo analemba ndi iye mwini, Chamberlin ankadziwiratu mtengo umene mabuku amati msika woterowo uyenera kukhazikikapo. Anachita zimenezi maulendo 46. Maulendo 39 mtengo wapakati unagwera pansi pa wa m'mabuku, ndipo maulendo 42 malonda anachuluka kuposa mmene anayenera kuchulukira. Zotsatirazi anazisindikiza mu 1948, ndipo zinamukomera, chifukwa kuyambira kale iye ankanena kuti misika yeniyeni siyenda monga mabuku amaijambulira. Koma anzake ambiri sanazilabadire.

Mmodzi mwa ophunzira amene anagwirako makadi aja anali Vernon Smith wa ku Wichita, m'chigawo cha Kansas, amene poyamba anaphunzira zamagetsi asanatembenukire ku zachuma. Mu 1955 anayamba kuphunzitsa ku yunivesite ya Purdue, ndipo mu Januwale 1956 anatulutsa masewera a aphunzitsi ake aja, koma atasintha zinthu ziwiri. Choyamba, anathetsa zonong'onezana pakona. Wogula aliyense ankatchula mtengo wake mokweza, wogulitsa chimodzimodzi, kalasi yonse ikumva. Chachiwiri, msika sunkatha ndi ulendo umodzi: ankautseka n'kuutsegulanso, ndi makadi omwewo, kuti anthu aphunzire pa zimene zachitika kale. Zimene anaona zinamudabwitsa. Pa maulendo ochepa okha mtengo unkatsetsereka n'kukakhala pomwe mabuku ananena, chonsecho palibe wophunzira amene ankadziwa zolembedwa pa khadi la mnzake. Anasindikiza zimenezi mu 1962, ndipo pambuyo pake anakhazikitsa lamulo limene ofufuza a zachuma amatsatirabe, lakuti oyesedwa azilandira ndalama zenizeni molingana ndi mmene asankhira, kuti asamangoyankha zokondweretsa aphunzitsi.

Ndiye analondola ndani, mphunzitsi kapena wophunzira? Onse awiri. Chimene chinaoneka n'chakuti mtengo sudalira ogula ndi ogulitsa okha, umadaliranso malamulo a msikawo. Mlimi amene akugulitsa soya wake kwa venda mmodzi wobwera ndi sikelo pakhomo, asakudziwa kuti kutsidya kwa mtsinje akugula bwanji, ali mumsika wa Chamberlin. Mitengo ikamalengezedwa poyera, ayandikira wa Smith.

Pamene Smith ankayesa misika, ena ankayesa mutu wa munthu. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, akatswiri a zamaganizo a ku Israel, ankafunsa ophunzira timafunso ta mwayi: kodi usankha ndalama yochepa yotsimikizika, kapena yambiri yoti mwina upeza mwina ayi? Mu 1979 anaonetsa kuti kutaya ndalama kumapweteka kuposa mmene kutola ndalama yofanana nayo kumakomera. Ku Cornell, Kahneman pamodzi ndi Jack Knetsch ndi Richard Thaler anagawa makapu kwa theka la kalasi n'kutsegula msika wa makapuwo. Olandira kapu ankatchula mtengo wowirikiza pafupifupi kawiri umene opanda kapu ankalola kupereka, pamene kapuyo anali atangoigwira mphindi zochepa. Ku Wisconsin, mu 1981, Gerald Marwell ndi Ruth Ames anayesa za kusonkha ndalama m'thumba lopindulira gulu lonse, ndipo amene anapezeka oumira kuposa onse anali ophunzira a zachuma. Ife amene tinadutsa m'phunziroli nkhani imeneyi sitikonda kuimva.

Masewera amene anayenda mtunda wautali kuposa onse anabadwira ku Cologne, ku Germany, kumene Werner Güth ndi anzake awiri anawayesa pa ophunzira n'kuwasindikiza mu 1982. Pamakhala anthu awiri osadziwana. Woyamba amapatsidwa ndalama n'kuuzidwa kuti agawireko mnzakeyo mmene angafunire. Wachiwiri akavomera, aliyense atenga gawo lake. Akakana, onse achoka chimanjamanja. Munthu wa m'mabuku, uja woganiza za phindu lake lokha, angapereke kakobiri kamodzi, ndipo mnzakeyo angalandire, poti kakobiri kaposa kusowa. Koma ophunzira a ku Cologne ambiri ankapereka gawo looneka, ena theka lenileni, ndipo ena mwa opatsidwa zochepa ankakana, kulolera kuluza bola woumirayo nayenso alawe. Masewerawa atabwerezedwa m'mayunivesite a m'mayiko ena, zotsatira sizinasiyane kwenikweni, ndipo ambiri anayamba kuganiza kuti umu ndi mmene munthu alili.

Panalibe amene ankadandaula kwambiri kuti "munthu" ameneyu nthawi zonse anali wophunzira wa payunivesite. Chifukwa chake n'chosabisika: ophunzira ali pafupi, satenga ndalama zambiri, ndipo amamva malangizo msanga. Amene anatulutsa masewerawa m'kalasi anali wophunziranso, Joseph Henrich wa ku UCLA, amene m'zaka za m'ma 1990 ankachita kafukufuku wa digiri yake pakati pa Amachiguenga a m'nkhalango ya Amazon ku Peru. Kumeneko ogawa ankapereka pafupifupi magawo 26 pa 100 alionse, pamene ophunzira a ku Los Angeles ankapereka 48, ndipo pafupifupi palibe Mmachiguenga amene anakana. Kwa iwo kukana ndalama yaulere kunali kopanda nzeru. Zimenezi zinachititsa kuti ofufuza apite kwa mitundu 15 ya anthu, kuphatikizapo Ahadza ndi Asangu a ku Tanzania, Aorma a ku Kenya ndi Ashona a ku Zimbabwe, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2001. Asodzi a anamgumi a ku Lamalera, ku Indonesia, amene sangaphe kanthu popanda kugwirizana, ankapereka zopitirira theka. Aau ndi Agnau a ku Papua New Guinea nthawi zina ankakana ngakhale gawo lalikulu. Ofufuza anayamba adodoma, koma Mmalawi sangavutike kumvetsa. Kupatsa n'kuika: wolandira mphatso yaikulu lero wadzimangirira ngongole ya mawa.

Nthawi yomweyo njira ina inali kutseguka ku Busia, kumadzulo kwa Kenya. Kumeneko sanachite masewera, koma anayesa chithandizo chenicheni. Kuyambira mu 1998 Michael Kremer ndi Edward Miguel, amene panthawiyo anali wophunzira ku Harvard, anatsatira sukulu 75 zimene zinkalandira mankhwala a njoka za m'mimba mosinthana zaka, ndipo anapeza kuti kujomba kunatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Njira yogawa anthu kapena midzi mwamayere, ena alandire ena adikire, kenako n'kuyerekeza, inafala kwambiri kuchokera pamenepo. Smith ndi Kahneman analandira mphoto ya Nobel mu 2002, Thaler mu 2017, ndipo Kremer pamodzi ndi Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo mu 2019.

Kwathu kuno mwambowu unapeza njira yolambula kale. Kuyambira mu 1998 ofufuza a ku yunivesite ya Pennsylvania, motsogozedwa ndi Susan Watkins, ankayendera mabanja omwewomwewo ku Rumphi, ku Mchinji ndi ku Balaka. Mu 2004 Rebecca Thornton, wophunzira wa ku Harvard, anaphatikizapo funso lake. Masiku amenewo ambiri ankakhulupirira kuti anthu safuna kumva zotsatira za HIV chifukwa cha mantha aakulu amene ndalama sizingathetse. Anamwino ankayenda khomo ndi khomo kuyeza anthu. Akatha, woyezedwayo ankapisa dzanja m'thumba n'kutola kachizindikiro kolembedwa ndalama, kuyambira pa ziro mpaka madola atatu, imene ankailandira pokhapokha akapita kukamva zotsatira zake patapita miyezi ingapo. Malo okamverako nawonso anasankhidwa mwamayere, kotero kuti ena anali nawo pafupi, ena kutali. Mwa amene anatola ziro, 34 okha pa 100 alionse ndi amene anapita. Koma ngakhale kandalama kochepetsetsa kanawirikiza kawiri chiwerengerocho, ndipo mtunda nawo unkabweza anthu. Mantha analipo, inde, koma ambiri chinkawaletsa chinali chaching'ono: ulendo, tsiku la kumunda, ndi maso a anthu. Munthu wokhala ndi vocha ya ndalama ija m'manja anali ndi choyankha akafunsidwa panjira: ndikukatenga kandalama kanga. Thornton anapezanso chimene ambiri sanafune kumva, chakuti kudziwa zotsatira sikunasinthe kwenikweni kagulidwe ka makondomu, kupatula pang'ono kwa opezeka ndi kachilombo.

Mu 2009 wophunzira wina, Jessica Goldberg wa ku Michigan, anafika ku Lobi m'boma la Dedza ndi funso la ganyu. Kwa masabata 12, tsiku limodzi pasabata, anthu a m'midzi 10 ankapatsidwa mwayi wa ntchito ya tsiku, ndipo malipiro ankasinthasintha mwamayere kuyambira K30 mpaka K140. Anthu opitirira 70 pa 100 alionse anabwera kuntchito ngakhale pa K30, ndipo kukweza malipiro kunangowonjezera ochepa. Aliyense woganiza kuti munthu wa kumudzi amakhala pansi nthawi yachilimwe chifukwa cha ulesi ayenera kuyamba wayankha nambala imeneyo. Goldberg yemweyo, pamodzi ndi Lasse Brune, Xavier Giné ndi Dean Yang, anayesanso za alimi a fodya. Ndalama ya fodya imabwera pakati pa chaka, feteleza amafunika mvula ikayandikira, ndipo pakatipo pali maliro, fizi, achibale ndi mayesero a pamsika. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma mlimi amene amatsata mwambiwu mu Julayi amalira mu Disembala. Alimi ena anathandizidwa kuti ndalama zawo zizilowa mu akaunti ya kubanki, ena n'kupatsidwanso akaunti yotseka mpaka tsiku limene asankha okha. Ndalama zambiri zinatapidwa msanga, ndipo m'maakaunti otseka munalowa zochepa, komabe alimi amene anapatsidwa mwayiwu analowetsa zipangizo zambiri m'munda n'kukolola zochuluka chaka chotsatira.

Kafukufuku wa ku Zomba wa mu 2008 ndi 2009 ndiye anamveka kutali kwambiri. Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, amene pa mbali zina anagwira ntchito ndi malemu Pulofesa Ephraim Chirwa a ku Chancellor College, anapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Ena ankalandira pokhapokha mtsikanayo akamapita kusukulu, ena ankalandira popanda lamulo lililonse. Ndalama ya lamulo inasunga atsikana ambiri m'kalasi. Koma ndalama yopanda lamulo ndi imene inachepetsa kwambiri maukwati ndi mimba, chifukwa mtsikana amene wasiya sukulu ankalandirabe, ndipo sankakakamizika kuthamangira banja. Kufikira lero okonza ndondomeko za mtukulapakhomo m'mayiko ambiri amatchula Zomba akamakangana.

Mapepala onsewa ali ndi mayina a olemba pamwamba. Amene sapezekapo ndi ife onyamula mafomu. Ambiri tinali omaliza Fomu 4 kapena a madigiri osowa ntchito, olembedwa kwa milungu yowerengeka, ogona m'maresitihausi a pa maboma. Ntchitoyi ili ndi nzeru zake zosalembedwa m'buku la malangizo. Mkamwini safunsidwa za mbuzi zake apongozi ali pomwepo. Mayere sachitikira m'galimoto, amachitikira pabwalo, amfumu akuona, ndipo wopisa dzanja m'chidebe akhale mwana wamng'ono, apo ayi amene sanasankhidwe adzati munakonderana. M'madera ena tinkatchedwa anamapopa tisanatsegule n'komwe pakamwa, ndipo tsiku lonse linkathera kufotokoza. Mphatso ya woyankha inali sopo, nkhani imene Crystal Biruk anailemba bwino m'buku lake la mu 2018 lotchedwa Cooking Data.

Tsiku lina ndinakhala pamphasa ndi agogo ena aakazi amene ankatong'ola chimanga. Nditafika pa funso lakuti sabata yathayo anagula mchere wa ndalama zingati, anaika chitsononkho pansi.

"Mwanangu, anzako anabwera chaka chatha anafunsanso zomwezi. Kodi mcherewu mukufuna mutigulire?"

"Ayi agogo, ndi kafukufuku chabe."

"Nanga zija tinayankha zija zinakathera kuti?"

Yankho limene tinaphunzitsidwa linali lakuti zithandiza pokonza mapulani a chitukuko, ndipo ndinanena lomwelo. Agogowo anatenga sopo wawo, kumununkhiza, n'kumulowetsa pansi pa mphasa. "Chabwino, funsa. Dzuwa likupita."

Funso lawo linali loona, ndipo yankho lake lenileni n'lakuti zinakathera m'magazini a akatswiri, m'Chingerezi, kutsidya kwa nyanja. Sindikunena izi ponyoza alendo. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo Thornton ndi Goldberg anationetsa zinthu zoona za ife eni zimene tinkangoziganizira. Koma kalumo kamameta pamene mwini wake waloza. Mu 2010 chaka cha sukulu chitasunthidwa kuti chiziyamba mu Seputembala, mabanja osauka okhala ndi ana asukulu anayamba kugulitsa mbewu zawo msanga, mitengo isanakwere, kuti apeze zofunika kusukulu. Makolo ambiri ankazidziwa zimenezi m'thumba mwawo, koma amene anaziyeza n'kuzilemba ndi Brian Dillon wa ku America. Mafunso otere ali mbwee m'midzi ndi m'matauni mwathu, ndipo wophunzira wa ku Zomba, wa ku Bunda kapena wa ku Mzuzu anakulira pakati pawo.

Chimene ndimaona kwa achinyamata olemba kafukufuku womalizira digiri n'chakuti ambiri amathamangira manambala okonzeka kale a ku National Statistical Office, kuwalowetsa mu kompyuta, n'kutuluka ndi mutu umene analembapo kale anzawo khumi. Manambalawo ndi abwino, ndipo tiyenera kuwagwiritsa ntchito. Koma ukawafunsa chifukwa chimene sayesera kanthu kawokawo, amati kuyesera n'kwa okhala ndi madola. Mbiri ikukana. Chamberlin ndi Smith anayamba ndi makadi. Ku Cornell kunali makapu. Henrich anali ndi ndalama zochepa ndi womasulira. Chodula pa ntchitoyi ndi funso labwino, mayere osabera, chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, ndi mtima wolemba zimene zatuluka ngakhale zitatsutsa aphunzitsi ako.

Taganizani za banki mkhonde. Magulu ena amalipiritsa chindapusa wochedwa kubweza ngongole, ena amangomutchula dzina pamsonkhano. Chimabweza ndalama msanga n'chiti, ndipo chimathamangitsa mamembala n'chiti? Taganizani za chiperegani cha amayi a pamsika: woyamba kulandira akasankhidwa mwamayere, kodi gulu limakhalitsa kuposa pamene asankhidwa ndi wapampando? Nanga uthenga wa pafoni wonena mtengo wa nandolo ku Limbe umasintha bwanji mtengo umene mlimi wa ku Phalombe amavomera kwa venda? Lililonse la mafunso amenewa lingayesedwe ndi wophunzira wa chaka chomaliza ndi anzake awiri, m'magulu ochepa, ndipo ngakhale zotsatira zake zitakhala zazing'ono, zingatsegulire njira wina wobwera pambuyo.

Pali chinthu chimodzi chimene mwambowu sunachizolowere m'zaka zonsezi, ndipo ophunzira athu angachiyambitse mosavuta chifukwa kwawo n'komweko. Ndicho kubwerera. Kafukufuku akatha, wofufuza apemphe amfumu aitanitse anthu pabwalo lomwe lija panachitikira mayere, awauze m'chilankhulo chawo zimene zinapezeka, ndipo awalole atsutse. Mayi wa m'banki mkhonde akamva kuti chindapusa sichinathandize, angathe kunena chifukwa chake bwino kuposa kompyuta, ndipo chifukwa chimenecho ndicho mutu wa kafukufuku wotsatira. Aphunzitsi oyang'anira ntchito za ophunzira aike ulendo wobwererawu pa mndandanda wa zofunika, pambali pa mutu woyamba ndi mutu womaliza, ndipo wophunzira asalandire malikisi ake onse asanaupange.